Migolo ya Mayi Kosko

Mukafunsa m'tauni yathu za Verna Kosko, aliyense akuuzani kuti ndi mayi uja anaulula chinsinsi cha paki. Zaka makumi atatu ndi zinayi mayiyu anasunga zinsinsi za banja la a Dunmire, osatayako ngakhale liwu limodzi, koma anthu akukumbuka Loweruka limodzi lokha. Zimandinyansa ine zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna muimve nkhaniyi kuyambira poyambira.

Verna anabadwira m'chigwa mommuno, kumadzulo kwa Pennsylvania. Fakitale ya zitsulo imene bambo ake ankagwirako itatsekedwa, iye anakapempha ganyu yozula udzu ku paki ya a Dunmire, ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Sanachokekonso. Pakiyo si yaikulu. Muli timahatchi tozungulira, kasitima ka ana, malo ogulitsira tchipisi, ndi sitima yakale ya matabwa, ija imakwera pang'onopang'ono mpaka m'mwamba n'kugwa chamutu, anthu akukuwa ngati akuphedwa pomwe alipira okha. Verna anakhala mkulu woyang'anira maluwa ndi mitengo yonse ya m'menemo. Komatu ntchito yake yeniyeni, imene sinalembedwe papepala lililonse, inali yobisa.

Paki ikamamanga sitima yatsopano imabisa, kuopa kuti mapaki ena angabere nzeru, komanso kuti tsiku lolengeza likhale laphokoso. Antchito amasaina chikalata chotseka pakamwa. Malo omangapo amatchingidwa ndi mpanda wamatabwa wobiriwira. Vuto ndi anthu okonda sitimazi, amuna akuluakulu ndithu, ena a imvi, amene amabwera ndi makamera aatali kudzawerenga magalimoto a simenti ndi kusuzumira m'ming'alu. Ndipo kwathu kuno kasitima ka ana kamadutsa pakachitunda, pomwe munthu wokhala pansi amaona bwinobwino kuseri kwa mpanda. Apa m'pamene Verna ankaonetsa luso lake. Ankadula migolo pakati, kudzazamo dothi, kubzalamo mikungudza italiitali, n'kuindanda pachitundapo. Akayamba Lolemba, pofika Lachitatu mumaona ngati nkhalangoyo inamera kalekale.

"Mayi, kuseriko kukuchitika chiyani?" amuna a makamera ankamufunsa.

"Chimbudzi, bambo. Mukufuna chithunzi cha chimbudzi?" iye ankayankha, nkhope ili gwa, akuthirira.

Mwamuna wake, Lyle, anamupezanso m'paki momwemo. Lyle anali kalipentala wa sitima ya matabwa ija. M'mawa uliwonse ankayenda pansi njanji yonse, hamala kumanja, misomali pakamwa, kugogoda thabwa lililonse kuti amve limene lalema. Anali munthu wosalankhula, ndipo Verna ankalankhulira onse awiri. Masana ankadyera limodzi mapirogi, tizitumbuwa ta mbatatesi m'kati, m'kankhalango ka kuseri kwa paki, kumtunda, pafupi ndi mpopi wakale wa madzi. Anakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu, mwana sanaone, kenaka mapapo a Lyle anamukana.

Ali m'chipatala Lyle anapempha zinthu ziwiri. Anati akamuwotcha, phulusa lake likakwiriridwe pamalo paja ankadyera. Anatinso asamuike m'bokosi, chifukwa matabwa anatopa nawo.

Lamulo la paki limakaniza phulusa la anthu, ndipo pali chifukwa. Alipo ena amene anawaza phulusa la abale awo ali pamwamba pa sitima, mphepo n'kulibwezera kumaso kwa anthu akumbuyo. Choncho Lyle atamwalira, Verna anapita kwa mwini paki, mkulu uja Orrin Dunmire, n'kumuuza zonse. Orrin anavula magalasi, n'kuyang'ana pawindo.

"Ine sindinamve kanthu, Verna," anatero. "Ukabzalepo maluwa. Ndipo undilonjeze kuti nkhaniyi ithera pa ife awiri, chifukwa ikamveka, mawa lino ndiona mzere wa amasiye pageti."

Verna analonjeza. Anakumba yekha, n'kukhuthula phulusa m'dothi, n'kusakaniza ndi manja ake. Sanaikepo mwala kapena chizindikiro. Anabzala maluwa omwewo amene ali m'mabedi ena onse a m'paki, kuti munthu wodutsa asacheuke kawiri. Anabisa bwino kwambiri, monga mwa ntchito yake. Patatha zaka zitatu Orrin anamwalira, wodziwa anatsala Verna yekha. M'mawa uliwonse, paki isanatsegulidwe, ankakhala pambali pa bedilo ndi kapu ya khofi, kumudandaulira Lyle za makalipentala atsopano osadziwa kugwira hamala. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi zinayi.

Paki inatsala m'manja mwa Kip, mwana wa Orrin. Kip si munthu woipa, koma ndi mmodzi wa aja amamvetsera munthu maso ali pa foni. Anakulira m'pakimo, ndipo mayi ake akatanganidwa ankamusiya m'shedi ya Verna, pakati pa matumba a feteleza. Atakula anapita kusukulu zapamwamba, n'kubwerako ndi nzeru yakuti chinsinsi chimasungika pokhapokha ukanamizanso antchito ako.

Mwezi wa Malichi, chisanu chisanatheretu, Kip anaitanitsa antchito onse. Anati kankhalango ka kuseri katsekedwa chaka chonse, akufuna kukonza mapaipi a madzi oipa. Kwa Verna anapempha migolo makumi asanu ndi limodzi.

Verna anamutsatira mpaka pakhonde. "Iwe Kip, mapaipi amtundu wanji ofuna migolo makumi asanu ndi limodzi? Ukundiyesa wobwera dzulo?"

"Ndi mapaipi, Mayi Verna," Kip anamwetulira.

"Bambo ako ankandiuza zoona, ine n'kumanamiza ena. Iwe wayamba kunamiza ine?"

"Zinthu zinasintha, amayi."

"Chabwino, khala nacho chinsinsi chakocho. Koma bedi la maluwa la kumtunda, pampopi wakale paja, musalikhudze. Wandimva?"

"Maluwa anu palibe awakhudze," Kip anayankha, chala chikuyenda pa foni.

Verna anadziwa kuti ndi sitima yatsopano, mwana wakhanda yemwe akanadziwa. Koma zonse zimene paki inamangapo kuseriko zinali kumunsi, pamalo athyathyathya, ndipo bedi lake linali kumtunda. Anapempha kiyi wa geti la mpanda, anamukaniza, ati kumalowa okhawo a zipewa zolimba. Kangapo konse mawu anafika pakamwa kuti anene za Lyle, koma ankawameza. Analonjeza kwa Orrin, ndiponso ankaopa kuti akanena, Kip atsegula buku la malamulo n'kumuuza kuti akafukule mwamuna wake. Kuyambira pamenepo khofi wake ankamwera m'shedi, mtima uli m'mwamba.

Mwambo wa m'paki ngwakuti akakumba paliponse, dothi lapamwamba salitaya, amakalitula kuseri kwa nazale ya Verna. Mu Epulo Duane Sipe, woyendetsa katapila, anatula mulu waukulu wa dothi lakuda bii, lofewa. Verna analifumbata, n'kulinunkhiza.

"Ili ndiye dothi! Walitenga kuti, Duane?"

"Ndinasaina chikalata, Verna," Duane anaseka, akutseka pakamwa pake ndi chikhatho.

Ndi dothi limenelo Verna anadzaza migolo yonse, mulu wonse unatha. Mikungudza inakondwa, inabiriwira kuposa zaka zonse. Paki itatsegulidwa mu Meyi, iye anaima pachitunda tsiku ndi tsiku, paipi yothirira kumanja, kumanamiza amuna a makamera kuti kuseriko n'kwa madzi oipa. Mmodzi wa iwo, wandevu, anayesa kumunyengerera ndi ayisikilimu. Verna anadya ayisikilimuyo n'kumuuzabe za mapaipi.

Zinadziwika mu Ogasiti, kutatsala sabata imodzi kuti alengeze. M'nazale munalowa mwamuna wochepa thupi, wamagalasi, atanyamula mpukutu wa mapepala. Anati dzina lake ndi Nolan Pruitt, ndiye wojambula pulani ya sitima yatsopano, ndipo Kip wamulola tsopano kuti akambirane ndi Verna za maluwa odzabzala m'munsi mwa mizati. Anayala pepala patebulo, n'kupsinja m'makona ndi miphika ya mbande.

Munthuyo ankaikonda ntchito yake, zimenezo sindimulanda. Anafotokoza kuti pulaniyo inamutengera zaka ziwiri. Anati sitimayo idzakwera kuposa mitengo yonse ya m'chigwa, idzatsika mpaka okwera aone ngati mapazi akhudza udzu, kenaka idzatembenuka chadodolido. Anadzitama kuti m'kankhalangomo sanapondemo ngakhale kamodzi pojambula, chifukwa munthu woyenda ndi zoyezera akanaonedwa ndi a makamera. Zonse anajambula kuchokera pa zithunzi zotengedwa m'mwamba, nthawi ya chisanu, mitengo ilibe masamba.

Verna sankamumva. Chala chake chinali kufufuza papepalapo. Anapeza mtsinje, anapeza njira ya kasitima ka ana, anapeza kadontho ka mpopi wakale. Pambali pa kadonthoko panali kabokosi kolembedwa nambala 41.

"Ichi n'chiyani?"

"Umenewo ndi mzati wofunika kuposa yonse, mayi. Ndi umene ukunyamula potembenukira. Kuusuntha phazi limodzi, makosi a anthu angathyoke."

"Panali chiyani pamenepa?"

Nolan anakweza mapewa. "Palibe. Kabedi ka maluwa chabe."

"Mudzakumba liti?"

"Kukumba? Tinakumba mu Epulo, mayi. Simenti inauma kalekale."

Verna anatuluka osatseka chitseko. Pageti la mpanda mlonda anayamba kunena za chipewa, koma ataona nkhope yake anapatuka. Kankhalango kaja kunalibe. Paliponse panali matope ouma, ndi zidutswa za njanji zofiira psuu zitagona pamitanda. Mpopi wakale unalipo, utapindika. Pambali pake panali chimwala cha simenti chachikulu ngati galimoto, mabawuti atatuluka pamwamba, nambala 41 italembedwa ndi penti. Verna anazungulira chimwalacho kawiri, akufuna ngakhale duwa limodzi. Anapita pomwe panali katapila, n'kumenya chitseko ndi chibakera mpaka Duane anazimitsa injini.

"Dothi la pano unakalitaya kuti?"

"Pati? Pampopi apa?" Duane anakanda m'mutu. "Ndinabweretsa kwa inu, Verna. Simukukumbuka? Munachita kuliyamikira."

Verna anatembenuka pang'onopang'ono. Pamwamba pa mpanda, pachitunda, mikungudza yake inali ndandanda, ikugwedezeka ndi kamphepo.

Mu ofesi ya Kip analowa osagogoda. Analanda foni m'manja mwake n'kuiika chafufumimba patebulo, ndipo ananena zonse: za chipatala, za Orrin, za phulusa, za khofi wa m'mawa. Phokoso lake linkamveka mpaka kogulitsira matikiti, koma mawu enieniwo anawamva Duane yekha, amene anamutsatira mpaka pakhomo.

Kip anatuwa. "Mayi Verna, pepani. Pepani kwambiri. Koma bwanji simunanene?"

"Sindinanene? Ndinakuuza pakhonde paja kuti usakhudze bedi limenelo! Unayankha chiyani?"

"Munati maluwa."

"Nanga iwe unati chiyani? Unati mapaipi! Ukanandiuza zoona, ndikanakuuza zoona. Ndikanamuchotsa ndekha ndi manja angawa, osati ndi chikatapila cha Duane!"

Kip anadzuka n'kutseka chitseko, ndipo apa m'pamene anadzionongera yekha. Anatsitsa mawu. Anati akumvetsa, koma Verna akudziwa lamulo la phulusa, ndipo nkhaniyi ikatuluka manyuzipepala adzalemba kuti sitima yatsopano yamangidwa pamanda. Anati aika kachitsulo kolemba dzina la Lyle pabenchi ina, osatchula zina. Chachikulu, anati, n'chakuti onse akhale chete masiku asanu ndi awiri okha.

"Ndipatse migolo yanga," Verna anatero.

"Tikalengeza, tidzaona."

"Mudzaona chiyani?"

"Mitengoyo ndi ya paki, amayi. Tinakonza kale kuti ikadzachoka pachitunda ikaikidwe koimika magalimoto. Mwina ndingakupatseniko umodzi kapena iwiri."

"Umodzi kapena iwiri! Ndisankhe uti, Kip? Uti? Lyle anayenda njanji ya bambo ako zaka makumi atatu, m'mvula, m'chisanu, kuti mwana wa munthu asagwe. Lero akakhale koimika magalimoto, anthu azizimitsira ndudu, agalu azikodzera?"

"Masiku asanu ndi awiri okha, Mayi Verna. Chonde."

Verna anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anatsonya, n'kutuluka.

Linali Lachisanu limenelo. Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, paki itadzaza thothotho, Verna analiza thirakitala ya nazale, n'kukoka ngolo kupita pachitunda. Ananyamula mgolo woyamba ndi mafoloko a kutsogolo, n'kuutsitsa m'ngolo mosamala ngati mphika wa madzi otentha. Ngoloyo imalowa migolo isanu ndi umodzi. Nyumba yake ili pafupi, kungotuluka geti lakumbuyo n'kukhota kawiri. Palibe anamuletsa. Ndani akanamuletsa? Zaka makumi atatu ndi zinayi anthu akhala akuona Verna Kosko akusuntha migolo, ndipo mlonda wa pageti anamutsegulira akumuimikira dzanja.

Pa ulendo wachitatu pachitunda panatseguka mpata waukulu. Kasitima ka ana kanatulukira pakona, kakuliza belu lake, ndipo mayi wina anakuwa, "Taonani njanji zofiira!" Wandevu wa ayisikilimu uja analinso momwemo, mawondo atafika kuchibwano pa kampando ka ana. Anatsala pang'ono kugwa ndi kamera yake. Pasanathe ola, mzere wa kasitimako unali wa amuna akuluakulu okhaokha, ana akulira kumbuyo.

Kip anafika pa ulendo wachisanu ndi chiwiri, akuthamanga, malaya atanyowa ndi thukuta. Anaima kutsogolo kwa thirakitala, manja atatambasula.

"Mayi Verna, zimitsani! Mukudziwa chimene mwachita? Zaka ziwiri! Zaka ziwiri tikubisa!"

"Ine zisanu ndi zinayi," Verna anayankha, injini ikulirabe.

"Munasaina chikalata!"

"Ndinasaina kuti sindilankhula. Wandimva ndikulankhula? Ndikutenga mwamuna wanga, ndikupita naye kunyumba. Choka panjira."

"Ndikuchotsani ntchito!"

Verna anapisa m'thumba, natulutsa mphete ya makiyi, ya shedi, ya nazale, ya mpopi, n'kuiponya pamapazi ake. "Tola. Ya thirakitala ndikupatsa ndikamaliza. Iwe Kip, ndinakusintha thewera pamatumba a feteleza, usandiimire kutsogolo ngati ndine wakuba. Choka!"

Anthu anali atazungulira, mafoni m'mwamba. Kip anawayang'ana, anayang'ana migolo. Kenaka anatola makiyi aja n'kupatuka. Verna anamaliza maulendo atatu otsalawo, anabweza thirakitala, anaitsuka, n'kubwerera kwawo wapansi.

Sitimayo anaitsegulira chaka chotsatira, ndipo anthu amaikonda. Chinsinsi kuululika sabata imodzi msanga sikunaphe munthu, matikiti anagulidwa chimodzimodzi. Koma m'tauni muno, m'mene theka la anthu amadyera ku paki, Verna anasanduka wopenga uja anapsa mtima chifukwa cha mitengo. Kip sananene chifukwa chenicheni, Duane anasaina chikalata, ndipo Verna akafunsidwa m'sitolo amangoti, "Inali migolo yanga." Lonjezo la kwa Orrin akulisungabe, mayi wouma mutu ameneyu. Ine ndinamva kwa Duane, tsiku lina mowa utamumasula lilime, ndipo sindinasaine kanthu kwa aliyense.

Mukadutsa pa nyumba yake simuiona, yabisika ndi mikungudza. Migolo yadzaza bwalo lonse, kutsogolo ndi kuseri, kungotsala kanjira kopita pakhomo. Ndinapitako tsiku lina ndi mapirogi. Ndinayesa kunyoza Kip kuti ndimusangalatse, koma anandidula.

"Kip ndi chitsiru, zimenezo n'zakale," anatero. "Wa mapepala uja sanapondepo n'komwe. Koma ine? Ndinalifumbata dothi lija. Ndinalinunkhiza. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikugona naye bedi limodzi munthu ameneyu, ndipo ndinati, 'Ili ndiye dothi.' Sindinamuzindikire."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mwaukali, ngati akuthamangitsa ntchentche. Akudziwa kuti mwina mbali ina ya Lyle inatsala pansi pa simenti ija. Akudziwanso kuti sadzadziwa mgolo umene uli ndi zambiri. Ndiye m'mawa uliwonse amatuluka ndi khofi wake ndi kampando kachitsulo, n'kukhala pambali pa mgolo umodzi, kumudandaulira Lyle. Mawa lake amasunthira pa wotsatira. Akafika kumapeto amayambiranso. Paki ikatsegulidwa, kukuwa kwa anthu otembenuzidwa pa mzati 41 kumamveka mpaka pabwalo pake, ndipo iye amangokweza mawu.

Ndinadutsako m'mawa uno. Anali pa mgolo wa makumi awiri ndi chitatu.